Kugogoda m'bafa la amalume

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Bwanali, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la simenti yonyowa, sopo wamtanda ndi nkhungu ya pakhoma, fungo la bafa la m'nyumba imene amalume anamanga pafupi ndi Boma la Nkhotakota zipani zambiri zitangoyamba. Agogo anali atangotuluka kumene m'ndende. Anawatenga ine ndisanabadwe, pa mlandu umene akuluakulu sankautchula, ndipo anabwerako ali ndi imvi, akuyenda m'mbali mwa makoma ngati akuopa pakati pa bwalo.

Amalume ankafuna kuti bambo awo apumule ku bafa la udzu, choncho anaika bafa m'nyumba momwemo. Mmisiri sanasiye zenera, ati akuba amalowera pomwepo. Magetsi anali asanafike, ndipo ukatseka chitseko, ngakhale dzuwa lili paliwombo, dzanja lako lomwe sunkaliona. Agogo anasambamo kamodzi kokha. Kuyambira pamenepo ankanyamula ndowa yawo n'kukasamba kuseri kwa nthochi. Amalume akadandaula kuti anthu aziti chiyani, iwo ankangoti, "Mmenemo muli kale mwini wake."

Masana ena nthawi ya dzinja, ndili ndi zaka khumi, ndinasambamo nditachokera kusukulu. Nditavala ndinakoka chitseko, koma chinali chitafufuma ndi chinyezi, osatseguka. Ndinaitana amayi, kenako ndinakumbukira kuti ali kumunda wa mpunga. Ndinaima mumdima umenewo ndikumva madzi akudontha m'ndowa, mpweya ukulemera ngati bulangete lonyowa. Pamenepo ndinamva kugogoda pakhoma. Katatu, mosafulumira. Kuseri kwa khomalo kunali chipinda cha alendo chopanda kanthu, chokhoma ndi loko, kiyi ali ndi amalume kuntchito kwawo ku Dwangwa. Kugogodako kunabweranso, koma tsopano m'munsi, pamene pangafike dzanja la munthu wogona pansi.

Ndinakuwa. Agogo, amene ankachokera ku mzikiti, anakankha chitseko ndi phewa mpaka chinatseguka. Nditawafotokozera pakhonde sanandiseke.

"Kangati?" anandifunsa.

"Katatu, agogo. Kenako katatunso."

"Wayankha?"

Ndinapukusa mutu. Anavula kofia yawo n'kuipinda m'manja.

"Ndi Juma ameneyo," anatero. "Kundende kuja chipinda chake chinali kuseri kwa changa, zonse zopanda zenera. Nkhope yake sindinaionepo, dzina ndinkangolimva alonda akamamuitana. M'mawa uliwonse ankagogoda katatu kuti ndidziwe kuti akadali moyo, ine n'kubwezera. Tsiku lina alondawo anandimenya kwambiri, mkono osadzuka. Iye anagogoda, anagogodanso. Mawa lake kunali zii."

Tsiku lomwelo anabwereka hamala ndi tchizulo kwa mmisiri wa mabwato, n'kuboola khoma la bafa loyang'ana panja, bowo lalikulu ngati lichero. Fumbi la njerwa linatikhala m'tsitsi ndi m'mano. Amalume atabwera Loweruka anakalipa kuti nyumba yatsopano yawonongeka.

"Mwana wanga," agogo anawayankha, "iwe sunatsekeredwepo."

Kenako analowa m'bafamo n'kutseka. Tonse tinali pabalaza. Tinawamva akugogoda katatu, n'kudikira nthawi yaitali. Anatuluka maso ali ofiira.

"Wapita," anatero, ndipo sindinadziwe ngati akusangalala kapena akulira. Agogo anamwalira mpunga usanakololedwe.

Ndikaifotokoza nkhaniyi ena amati anali mapaipi, koma nyumbayo inalibe paipi ndi imodzi yomwe. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndakana nyumba zalendi zokongola zingapo chifukwa cha bafa, eni ake akundiyang'ana ngati wozungulira mutu. Mantha anatha kalekale. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu uja anagogoda kawiri konse, ine ndili pomwepo, mkono wanga uli bwinobwino, koma sindinamuyankhe.