Sari Yoyera ya Azakhali

Mwana wa mabwana anga ndinamupeza ali ku pulayimale, mano akutsogolo atagweluka. Ndinamulera mu fulati ya ku Al Nahda, kuno kudziko la Aluya, pamwamba penipeni pomwe ukasuzumira pawindo umangoona magalimoto opita ku mzinda wa Sharjah atandandana osasuntha. Ndinkamuluka tsitsi, kumukakamiza kudya ndi kumubisira zolakwa kwa mayi ake. Tsiku lomwe analengeza kuti akukwatiwa, ndinaimba nthungululu m'khitchini mpaka madamu anabwera chothamanga poganiza kuti ndapsa ndi mafuta.

Ukwati wa Ahindu si wa tsiku limodzi ayi. Kwathu timadandaula kuti chinkhoswe chatitopetsa, koma awa, abale inu, sabata imatha. Lero akujambula maluwa m'manja mwa mkwatibwi, mawa kuvina, kenako wansembe amayatsa moto woti awiriwo auzungulire. Ine mtima wanga unali pa mwambo wa haldi. Haldi ndi ufa wachikasu womwe tinkathira mu ndiwo tsiku ndi tsiku m'nyumba imeneyo. Ukwati ukayandikira amausakaniza ndi mkaka, ndipo amayi a pabanjapo amabwera mmodzimmodzi kudzapaka mkwatibwi kumaso, m'mikono ndi kumapazi, aliyense akumudalitsa. Mtsikanayo anali atandiuziratu kuti, "Anti, inunso mudzandipake. Musadzathawire kukhitchini."

Ndinkazifuna zimenezo ndi mtima wonse. Mwana wanga wobereka ndekha anakwatiwa ku Dedza ine ndili kuno, tchuthi chitakanika. Ukwati wake ndinauonera pa foni, chithunzi chikudukaduka, ndipo sindinamugwire ngakhale chala. Uyu yekha ndinkafuna ndimudalitse ndi dzanja langa.

Kenako kunabwera azakhali ake a mtsikanayo kuchokera ku India, achemwali awo aakulu a bwana. Anali mayi wowonda, wa pakamwa pakuthwa, ndipo tsiku lililonse ankavala sari yoyera, nsalu yaitali yodzikulunga ya amayi a kwawoko, opanda ndolo kapena chibangili. Tinayambana tsiku loyamba lomwe pa nkhani ya katsukidwe ka mapoto. Tsiku lina anandifunsa m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti amuna anga ali kuti. Ndinawauza kuti anamwalira kalekale, n'chifukwa chake ndinabwera kudzagwira ntchito kuno. Anangondiyang'ana.

M'mawa wa haldi ndinanyamula mbale ya phala lachikasulo kuti ndikaiike pabalaza. Azakhali anandilanda mbaleyo n'kuipereka kwa mtsikana wina.

"Iwe usakhudze," anatero. "Opaka ndi okhawo omwe amuna awo ali moyo. Dzanja la wamasiye limasiyira mkwatibwi tsoka."

 Dzanja lomweli lamusambitsa mwanayu, lamumwetsa mankhwala akudwala, lero lasanduka latsoka? Ndinapita kwa madamu, koma iwo anayang'ana pansi. Anati ambiri masiku ano anausiya mwambo umenewo, koma popeza kwabwera amayi akuchimuna, tisayambitse nkhani. "Khalas, basi, zisiye," anatero, maso awo ali kwina.

Ndinalowa m'khitchini n'kuyamba kukazinga masamusa mokalipa, misozi ikugwa. Pabalaza nyimbo zinayamba, amayi akuseka ndi kuwomba m'manja. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, azakhali n'kulowa, n'kukhala pa kampando ka pafupi ndi furiji. Ndinati mumtima, ha, abwera kudzandilondera kuti ndisatuluke!

"Musavutike mayi," ndinatero. "Sindipitako."

"Inenso sindipitako," anayankha, akuloza sari yawo.

Apa m'pamene ndinazindikira. Kwathu choyera n'cha ukwati, choncho sindinaganizepo kuti kwa iwo n'chovala cha amasiye. Anandiuza kuti amuna awo anamwalira iwo akadali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo sanapakepo mkwatibwi aliyense, ngakhale ana a abale awo enieni.

"Mwamuna wa mwanayu akadzangodwala, anthu adzati ndi dzanja langa," anatero. "Inenso ndidzatero."

Mkwiyo unandithera. Mayiwo sankandida ine ayi, ankaopa. Ndinawathirira tiyi, tinakhala awiriwiri tikumvetsera chisangalalo cha eni ake kudzera pachitseko.

Mwadzidzidzi nyimbo zinaduka. Tinamva mapazi, chitseko n'kutseguka. Anali mkwatibwi, wachikasu kuyambira kuchipumi mpaka kuzala za kumapazi, amayi onse aja ataunjikana kumbuyo kwake.

"Ndikudikireni mpaka liti?" anafunsa.

Azakhali anaimirira n'kubisa manja kumbuyo. Anamukalipira m'chilankhulo chawo, ndipo ngakhale sindinamve mawu onse, ndinadziwa kuti akuti abwerere. Mwana uja n'ngwamakani, ndinamulera ndine. Anangoti, "Chabwino, musandipake," n'kuwakumbatira mwamphamvu, tsaya lake pachifuwa chawo. Azakhali anauma ngati mtengo. Kenako manja aja anatuluka okha kumbuyo, n'kumugwira mwanayo pamutu. Atawasiya anabwera kwa ine. Ine sindinachedwe, ndinamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kumupempherera m'Chichewa mokweza, mawu omwe ndikanamuuza mwana wanga ku Dedza.

 Ine ndinkangoyang'ana amayi akuchimuna aja, poopa kuti mwina zaipa. Mmodzi wa iwo, wamkulu ndithu, anaphulika kuseka. Anati kwawo amene wapakidwa haldi ndi mkwatibwi amakwatiwa chaka chisanathe, choncho awiri inu konzekani. Madamu anawonjezera kuti mlonda wa pakhomo la fulati yathu, bambo wina wa ku Mzimba, sandinyamulira katundu pachabe. Bodza lenileni, munthuyo amanyamulira aliyense! Onse anaseka, ine n'kuimba nthungululu, ndipo anatikokera tonse awiri pabalaza.

Ukwati unayenda bwino. Awiriwo anazungulira moto, mkwati anapaka ufa wofiira pampata wa tsitsi la mkazi wake, ndipo potsanzikana mtsikanayo anaponya mpunga kumbuyo kwake tonse tikulira.

Alendo atapita, ine ndinatsala ndi mulu wa zochapa. Haldi savuta kwa amene amamudziwa: sopo, mandimu, n'kuyanika padzuwa la kuno, banga limatha. Ndikusankha zovalazo ndinapeza sari yoyera ija, pachifuwa pake pali banga lalikulu lachikasu, pomwe panagona tsaya la mwanayo. Ndinali nditatsegula kale mpopi pamene azakhali anandigwira mkono.

"Iyi usachape," anatero.

Anaipinda bwinobwino, banga lili pamwamba, n'kuiika mu sutikesi yawo. Sindinawafunse chifukwa. Yunifomu yanga ya tsiku limenelo inali kale pansi pa pilo, yosachapa.