Mkono wa amalume

Pachipatala chathu chaching'onochi pali akuluakulu atatu, ndipo onse ndimawadziwa mpaka kuphazi, poti ndine ndimasoka nsapato zawo pageti. Wosunga mankhwala anali mphunzitsi kale. Mpaka lero akakupatsa mapiritsi amafuna ubwereze zimene wanena, ukalakwitsa amakuyang'ana ngati walephera mayeso. Namwino wamkulu timangoti Asilikali, chifukwa ntchito yomanga mabala anaiyambira ku usilikali. Akamalankhula ungati akulamula perete, koma jakisoni wawo suumva n'komwe. Wachitatu, mkulu wa onsewo, ndi achemwali anga. Anthu anawapatsa dzina loti Mayi Mzere. Ena amalitchula monyoza, ndipo aliyense amene ndinamumva ndi makutu angawa amadziwa kuti nsapato zake azikasoketsa kwina.

Achemwali sanabadwe atavala malaya oyera ayi. Anayamba ndi mopu. Makolo athu atamwalira anatitenga ndi amalume, telala wa pakhonde la sitolo, munthu wopanda sukulu koma wamakani ngati chitsa. Achemwali atamaliza sekondale anapeza ntchito yokolopa pachipatala chomwechi. Akaweruka ankakhala pambali pa makina osokera n'kumawerenga mabuku obwereka kwa anamwino. Amalume, phazi likupondaponda makina, ankafunsa kuti, "Lero waphunzira fupa liti?" Achemwali akatchula dzina lalitali la fupalo, iwo ankagwedeza mutu ngati analidziwa kale.

Masiku amenewo chipatala chinali ndi makomo awiri. Lakutsogolo linali lathu anthu wamba. Lakumbuyo linali la abale a ogwira ntchito, akazi a mabwana, ndi aliyense wodziwa kunong'oneza mlonda. Tsiku lina mayi wina anakhala pabenchi ndi mwana kumsana, kudikira, khomo lakumbuyo likungotseguka n'kutsekeka. Pamene nthawi yake inakwana, mwana anali atazizira kale. Achemwali ndi amene anakolopa pansi pa benchi limenelo. Atabwera kunyumba, chakudya sanachikhudze.

Patapita zaka anapita kukoleji, anabwerako, anagwira ntchito mpaka anawapatsa udindo woyang'anira chipatala chonse. Tsiku loyamba lenilenilo anagula loko n'kukhoma khomo lakumbuyo. Kenako anakhazikitsa lamulo: m'mawa uliwonse mmodzi wa akuluakulu aziyenda pamzere, kuyang'ana nkhope ya munthu aliyense, kumufunsa, kumugwira. Wodwala kwambiri alowe msanga. Ena onse adikire, kaya ndiwe mkazi wa ndani.

Kunali kutukwana! Ine ndinakangana ndi theka la msewu uno chifukwa cha loko ameneyo. Nanenso chithupsa chitandituluka pamalo osatchulika ndinaima pamzere, poti kukhala sindikanatha, mlongo wanga akundidutsa ngati sakundidziwa. Sindinadandaule. Koma anthu ankati, "Tidzaona tsiku limene adzadwale wake weniweni." Ankanena mokweza dala, ndipo achemwali ankamva.

Tsikulo linafika. Amalume anatulukira pageti m'mawa, chipewa chili chopendekeka.

"Mphwanga, mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo msomali. Ndipo dzanjali landilemera, sizasi yandipulumuka kawiri."

"Kakhaleni pabenchi amalume, lero oyenda pamzere ndi achemwali. Akuonani pompano."

Achemwali atatuluka, benchi lonse linangoti zii. Aliyense ankadziwa kuti bambo wachipewayo ndi ndani, ndipo aliyense anatong'ola maso kuti aone. Achemwali anagwira mwana wina pamphumi. Anatsitsa chikope cha mayi wina woyembekezera n'kumuuza kuti alowe. Anafunsa gogo wina za chifuwa chake mpaka mtundu wa makhololo. Atafika pa amalume anangoti, "Mwadzuka bwanji amalume?" maso ali kale pa munthu wotsatira. Amalume anayankha lilime likukokeka, koma achemwali anali atadutsa.

Mayi amene anakhala nawo pafupi anadzatiuza pambuyo pake kuti pakamwa pa amalume panali patapotokera mbali imodzi, malovu akutsikira pakolala. Akanakhala mlendo wochokera kutali, wosadziwika ndi munthu, achemwali akanamunyamula okha kumulowetsa. Zizindikiro zimenezo amaziphunzitsa okha kwa anamwino atsopano.

Amalume anadikira mpaka dzuwa linafika pabenchi. Kenako anadzuka n'kumapita, akukoka phazi. Ine ndinali nditapita kukagula ulusi. Anakagwera pakhonde la sitolo, pambali pa makina awo. Sitiroko. Kuchipatala chachikulu anawapulumutsa, koma mbali yonse yakumanja inafa, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti akasiya kumwa mankhwala a bipi, sitirokoyo ikadzabweranso idzawatenga.

Mankhwala amene anabwera nawo kuchipatala chachikulu atatha, amalume anakana kukatenga ena pachipatala chathu. Anakananso kuti wina awabweretsere. Asilikali anapita ndi mawu awo a perete aja, anabwerako akupukusa mutu. Wosunga mankhwala anapita kukawafotokozera bwinobwino mmene magazi amathamangira, amalume anatembenukira kukhoma. Ndinapita ine, ndinakuwa mpaka oyandikana nawo anasuzumira pamawindo.

"Mukufuna kufa kuti mukhaulitse ndani? Imwani mankhwala, akulu inu!"

"Ukukuwa chiyani ngati ukuitanira malonda?" anatero, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa. "Ine ndinaonedwa kale. Mkulu wa chipatala anandiona yekha, anapeza kuti ndilibe vuto."

Ndinatuluka n'kubwerera kunsapato zanga.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti anthu omwe aja ankatukwana anayamba kuyamikira. "Mayi ameneyu ndi wachilungamo! Ngakhale malume ake enieni sanawakondere." Ankawauza pamaso, ena mpaka kuwagwira chanza. Achemwali ankangoti zikomo, nkhope ili ngati ameza mwala. Anaonda, malaya oyera aja anayamba kulendewera m'mapewa. Pamzere ankayendabe, koma tsopano ankamuyang'anitsitsa munthu mpaka wodwalayo kuchita manyazi.

Tsiku lina masana anabwera pamalo panga ndi nsapato yopanda vuto lililonse, n'kukhala pakabokosi kamene amakhalapo makasitomala.

"Nsapato iyi ili bwinobwino, achemwali."

"Ingoigwira, anthu aziona ngati ndabwerera chinachake."

Ndinaigwira. Kenako anati, "Ukudziwa chimene chikundidya? Ndikanakhala kuti ndinayang'ana koma osazindikira, bwenzi ndikuti ndinalakwitsa ntchito. Koma sindinayang'ane. Ndinkayang'ana anthu amene ankandiyang'ana."

"Olakwa ndi anthu omwewo! Pakamwa pawo ponunkhapo! Ndiuzeni amene anayambitsa, ndikamusoke milomo."

"Iwe, anthuwo anaphunzira za sitiroko? Anaphunzira ndine. Pambali pa makina a amalume omwewo."

Ndinafuna kutsutsa, poti kutsutsa ndiye ntchito yanga yachiwiri, koma ndinangopitiriza kupukuta nsapato yoyera kale.

"Amalume mapazi ayamba kutupa," ndinawauza. "Dzulo amati mutu wayambiranso."

Anatenga nsapato yawo n'kubwerera kuntchito.

Lamlungu masana anandipeza kunyumba atavala diresi wamba, makina oyezera bipi ali m'chikwama cha kumsika. Anati ndiwaperekeze kwa amalume. Chigwereni amalume, achemwali ankangofika pakhonde, kusiya sopo ndi zina, n'kubwerera. Tsiku limenelo analowa.

Amalume anali pampando pafupi ndi windo, dzanja lakufalo lili pamwendo ngati si lawo. Achemwali anakhala pansi, pafupi ndi mapazi otupawo.

"Amalume, ndabwera kudzakuyezani."

"Ee? Akuluakulu achipatala afika mpaka kuno? Nanga patsogolo panga pali anthu angati?"

"Palibe."

"Yang'ana bwino. Mwina kuseri kwa kabatiyo kuli wina wodwala kuposa ine."

"Amalume, inunso mwawonjeza!" ndinalowerera. "Munthu wabwera yekha, mukufuna achite kukwawa?"

"Iwe, tseka pakamwa kamodzi kokha m'moyo mwako."

Ndinatseka. Achemwali anatulutsa makina oyezera aja.

"Sindikupempha kuti mundikhululukire," anatero. "Ndinakudutsani. Ndinaopa pakamwa pa anthu kuposa mmene ndinaopera kukutayani. Muzindida, koma muzindida muli moyo. Ndipatseni mkono."

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi dzanja lamanzere ananyamula mkono wakufa uja, monga mmene munthu amanyamulira mpukutu wa nsalu, n'kuugwetsera m'manja mwa achemwali.

"Timayeza wabwinowo, amalume."

"Wabwinowo ulibe nawe nkhani. Yang'ana uwu."

Achemwali anauyang'ana. Anatambasula zala zopindikazo chimodzichimodzi, zikubwereranso zokha. Pachala chachikulu panali pakadali chikanga cha sizasi, cholimba ngati chikopa cha nsapato. Anachisisita, misozi ikugwera pamkonopo, ndipo amalume sanaimve, poti khungu limenelo silimvanso kanthu. Koma ankaona. Sanauchotse mkonowo, achemwalinso sanathamangire kuusiya. Ine ndinayang'ana kudenga, malata ake ndinawadziwa bwino tsiku limenelo.

Mapeto ake amalume anapinda okha malaya ndi mano, n'kutambasula mkono wamanzere. Makina anafufuma, anaphwa. Achemwali ataona manambala anapumira m'mwamba, sanawatchule, anangotulutsa mapiritsi n'kundituma madzi. Amalume anameza. Madzi ena anatayikira mbali yopotoka ija, achemwali anawapukuta ndi m'mphepete mwa diresi lawo.

Sananene kuti nkhani yatha, ndipo sindikunamizani kuti inatha. Makina osokera aja ali pakona atafundidwa nsalu, ndipo achemwali akalowa m'chipindamo amakhala chowafulatira. Koma pamene tinkatuluka, amalume anaitana achemwali, maso ali pawindo.

"Iwe. Mapiritsiwa akatha udzabweretse wekha. Usadzanditumizirenso Asilikali aja, amandikweza bipi."