Apongozi Anaifunditsa Sola Yanga

Ine ndine mphunzitsi, ndipo manja anga amadziwa choko basi. Atanditumiza ku Lifuwu kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndinkati ndikhalako zaka ziwiri n'kuthawa udzudzu. Mapeto ake ndinakwatira konko, kwa alimi a mpunga, anthu oti akamakupatsa moni amayamba akupima zikhatho. Zanga zinali zosalala ngati za khanda. Apongozi aakazi sanandinyozepo pamaso, chifukwa sitinkayankhulana n'komwe. Pakhomo pawo mwambo unali udakali wamoyo: mkamwini ndi apongozi aakazi amathawana, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu onse amadutsira mwa munthu wina. Wodutsiramo mawu athu anali mkazi wanga.

Chaka chimenecho mpunga utacha, mkazi wanga anali ndi pathupi pa mwana wathu woyamba. Anamwino ataona miyendo yake yotupa anati akadikirire kuchipatala ku Salima, ngakhale kunali kutatsala masabata awiri. Anapita ndi mkulu wake kuti azikamusamala. Koma mpunga sudikira munthu, ukachedwa umayoyoka ndipo mbalame zimakukololera. Enafe tinayenera kukamanga msasa kumunda wa kudambo, ulendo wa maola awiri kuchokera pamene pali magetsi. Akukwera minibasi, mkazi wanga anandikoka malaya.

"Bambo, foni isazime. Kudula mpunga ndikudziwa kale kuti mukalephera, zimenezo ndakukhululukirani. Koma foni isazime."

"Mayi," ndinatero ine, "mukuyankhula ndi mphunzitsi wa sayansi."

Sayansi yanga inali ya Sitandade 6, yomeretsa nyemba m'botolo. Koma ndinali nditaonera mavidiyo pafoni mpaka maso kufiira, ndipo ndinadziona ngati injiniya. Ndinagula sola yaing'ono yonga chitseko cha khola la nkhuku, batire yakuda yolemera, mawaya, fyuzi, babu, ndi kabokosi kotchedwa kontirola kamene kamakhala pakati kuti batire isakhute mopitirira. Azungu a m'mavidiyo ankalongedza zonsezi m'mabokosi okongola amatayala, popita kukagona kutchire mwakufuna kwawo, anthu oti nyumba ali nazo. Ine ndinatenga chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, ndinachidula khomo m'mbali ndi mpeni wotentha, ndinakhazika batire m'kati, n'kuboola mabowo ochajira foni pafupi ndi chogwirira.

Ulendo woyamba ndinasemphanitsa waya wofiira ndi wakuda. Kunathetheka moto, fyuzi inapsa, ndipo ine ndinatchula dzina la Mulungu pamodzi ndi mawu ena amene sindiphunzitsa ana. Ulendo wachiwiri ndinaiwala kuti batire ndiyo imayamba kulumikizidwa, sola pambuyo. Wachitatu babu inayaka. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali masana dzuwa likuswa mtengo, ndekhandekha m'nyumba, ndikumwetulira ngati chitsiru.

Chigubu ndinachimanga pakaliyala wa njinga ndi mphira, sola ndinaibereka kumsana ndi chitenje cha mkazi wanga. Amayi a m'njira ankandifunsa ngati mwanayo wayamwa.

Pamsasa tinali atatu: ine, apongozi aamuna ndi apongozi aakazi. Kamsasa kanga ka udzu anakamanga chapatali, khomo lake kuyang'ana kwina, kuti maso asamakumane. Apongozi aamuna, bambo wamfupi wokonda wailesi kuposa chakudya, atangoona babu ikuyaka anayendera misasa yonse ya m'dambomo kulengeza.

"Mkamwini wanga wabwera ndi magetsi m'chigubu! Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa!"

Anthu anabwera, abale inu. Bambo wina wachisilamu wa msasa woyandikana nafe anati "Mashallah," n'kutulutsa mafoni atatu m'thumba la mkanjo. Ndikanatha kukana, koma ndisaname, ndinatupa. Kwa nthawi yoyamba m'banjamo ndinali ndi ntchito yoti wina aliyense sangaithe. Ndinachajira aliyense, wailesi ya apongozi nayo ndinailumikiza, poti mumtima ndinkati mawa dzuwa libweza zonse.

M'mawa ndinatsamiritsa sola pamtondo, poyera, kuyang'anitsa kumpoto kumene dzuwa la Juni limadutsa, ndipo tinatsikira m'munda ndi zikwakwa. Apongozi aakazi anatsala pamsasa chifukwa cha mawondo, iwo ntchito yawo inali kuyanika ndi kupeta. Titabwerako masana, pamtondo panalibe kanthu. Ndinangoti yabedwa. Kenako ndinaiona: inali pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi wabwino, itagonekedwa pamkeka, itafunditsidwa nsalu yoyera yoluka ya maluwa ofiira m'mbali. Nsalu imeneyo ndinkaidziwa. Kumudzi inkavindikira makapu a alendo, aja oti apanyumba samweramo.

Apongozi aakazi anayankhula chotembenukira kwa amuna awo, ine ndili chapatali ndikumva zonse. Amuna awo anabwera kudzandibwerezera monga mwa mwambo.

"Akuti chinthu chanu chinatentha moti sichimagwirika. Akuti zinthu zodula sasiya padzuwa ngati makaka. Akusungirani."

Ndinagwada, ndinaomba m'manja. "Auzeni ndathokoza kwambiri."

Titabwerera m'munda ndinawanong'oneza apongozi aamuna kuti chonde akawafotokozere amayi, chinthucho chakudya chake ndi dzuwa lomwelo, kutenthako ndiye kudya kwake. Anaweramuka, anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti akagwire ng'ona kumchira.

"Aphunzitsi, ine mayi awa ndakhala nawo kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Nsalu imeneyo ine sanandifunditsepo, ngakhale ndikunjenjemera ndi malungo. Akulemekezani inu. Ndiye mukufuna ndikawauze kuti ulemu wawo ndi uchitsiru? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ankadziwa bwinobwino kuti chitseko chimenecho ine sindingachitsekule. Anayamba kuimba mluzu n'kumadula mpunga wawo.

Ndinayesa zaukathyali. Apongozi aakazi atapita kukatunga madzi, ndinathamanga kukavundukula sola n'kuikokera padzuwa, nsalu ndinaisiya pansi ngati yagwa yokha. Pobwera madzulo ndinaipeza yabwerera pamthunzi, yofunditsidwa bwino, miyala inayi itatsindira ngodya za nsalu. Uthenga unati mwera wavuta chaka chino. Tsiku lotsatira ndinaganiza zopita nayo kumunda, ndikaiike pamzere. Ndisanafike n'komwe panjira, apongozi aamuna anandithamangira akupuma wefuwefu.

"Akufunsa ngati mukuwaganizira kuti akuberani."

Ndinaibweza ndi manja awiri, ndipo ndinaifunditsa ndekha.

Pamene zonsezi zinkachitika, a m'misasa ina sanasiye kubwera ndi mafoni awo, ndipo ine sindinasiye kumwetulira. Kuwakaniza kukanafuna kuti ndinene chifukwa, ndipo chifukwacho chinali chikupeta mpunga pomwepo. Tsiku lachitatu m'mawa kontirola inayatsa kanyali kofiira, batire inakana. Foni yanga, yokalamba kale, inazima dzuwa lisanafike pamutu. Ya apongozi aamuna inali itazima kale chifukwa ankamverapo mpira, ya apongozi aakazi nayo inatsatira. Mafoni onse atatu amene mkazi wanga akanatha kutipezerapo anali atagona pamkeka umodzi ngati usipa.

Apa ndiye pamene ndimadzida mpaka lero. Ndikanatha kukwera njinga tsiku lomwelo kukachaja kumsika. Koma ndinawerenga masiku m'mutu, ndinati anamwino anena masabata awiri, ndidzapita Lamlungu. Kuchoka pakati pa ntchito anthu akanati mphunzitsi wathawa chikwakwa, ndipo akanafunsanso kuti magetsi a m'chigubu aja athera pati. Ndinasankha kuoneka bwino. Tsiku lonse ndinadula mpunga ndi foni yakufa m'thumba la kabudula.

M'mawa wa tsiku lachinayi, tikumanga mitolo, apongozi aamuna anayamba kucheza zakale monga amachitira msana ukayamba kuwawa.

"Mkazi wanuyo naye pobadwa anatidzidzimutsa, mwezi wake usanakwane. Tinali m'munda momwe muno, ndinachita kubwereka ngolo. Akazi a mtundu umenewu sadikira tsiku la anamwino."

Anaseka. Ine ndinataya chikwakwa m'matope.

Ndinafika pamsasa ndikuthamanga, matope mpaka m'mawondo. Apongozi aakazi anali pamkeka ndi lichero lawo. Atandiona anakokera mpango kumaso n'kutembenukira kumbali. Ndinagwada chapatali, ndinayang'ana mtengo wa mango, ndinayamba kuyankhula nawo mtengowo mokweza, poti pamsasa panalibe wina woti n'kudutsiramo mawu.

"Mtengo iwe, mthunzi wako ndi wabwino kwa anthu. Koma pali zinthu zina zachizungu zimene pamthunzi zimafa ndi njala."

Apongozi anapeta kawiri, kenako anayankha poyankhula ndi lichero lawo.

"Lichero iwe, zinthu za masiku ano n'zodabwitsa. Wina akazisamala akuti wazipha."

Tikanatha kupitiriza choncho mpaka mpunga kumeranso. Koma misozi inabwera yosaitana, ndipo ndinatembenuka n'kuwayang'ana.

"Amayi, pepani, ndilangeni pambuyo. Sola imeneyo ikafunditsidwa sigwira ntchito. Batire yatha, mafoni onse anazima dzulo m'mawa. Mwana wanu akaimba satipeza."

Lichero linagwa, mpunga unamwazika. Mayi amene m'mawa uliwonse ankadzuka mochita kugwira mtengo anaimirira kamodzi. Anakankha miyala ija ndi phazi, anasolola nsalu n'kuiponya uko, ananyamula sola okha kukaiika pakati pa bwalo loyanikira mpunga.

"Iyang'ane kuti?" anafunsa. Ankafunsa ine, osati lichero.

"Uku, amayi. Kumpoto."

Tinakhala pansi padzuwa tonse awiri, chigubu pakati pathu, tikuyang'ana kanyali kofiira. Apongozi aamuna anafika n'kuima kutali, chipewa m'manja. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji kanyali kasanasinthe. Nditalumikiza foni inatenganso kanthawi, kenako inayaka n'kuyamba kulira motsatizana, mauthenga ondiuza kuti wina anandiyimbira. Onse anali a dzulo lake masana. Nambala ya mkazi wanga, kenako ya mkulu wake, kenako ya mkazi wanga kachiwiri, mndandanda wosatha.

Ndinaimba nambala ya mkazi wanga. Anayankha mlamu wanga, ndipo moni sanapereke.

"Alamu, muli moyo? Dzulo lonse! Magazi anakwera, anachita kumuthamangitsira ku opaleshoni, pepala ndinasaina ndine. Mwana ndi wamkazi. Onse ali bwino, koma inu ndiye ayi, sindikudziwa kuti ndikutchuleni chiyani."

Kenako anapereka foni kwa mkazi wanga. Mawu ake anali aang'ono, ochokera kutali. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Ndinakuyimbirani asanandilowetse," anatero. "Sindimafuna kanthu. Ndimaopa basi, ndimafuna ndimve mawu anu."

Ndinangoti pepani, pepani, ndikubwera, mpaka mlamu analanda foni kuti wodwala apume.

Apongozi aamuna anali atayamba kale kuvina ndi chipewa chawo, akufuulira misasa ina kuti kwabadwa mdzukulu. Ndinkadikira nthungululu ya apongozi aakazi, koma sinabwere. Anali atachotsa mpango kumaso, akundiyang'ana m'maso mwenimweni, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinaona kuti mkazi wanga anatengera maso a mayi ake.

"Bambo," anatero, "kuyambira tsiku loyamba lija mumadziwa kuti nsalu ikuipha?"

"Eya, amayi."

"Ndiye masiku onsewa munandiopa ine, nkhalamba yopeta mpunga, kuposa kuopera mwana wanga?"

Ndinayang'ana pansi. Anadikira yankho ndithu, sanandithandize.

"Kasambeni matopewo," anatero pomaliza. "Njinga ija imanyamula awiri. Mundikweza, ndipo mukakalowa muwodimo mukanene nokha kuti foni inazima bwanji. Ine ndikanena mbali yanga."