Mkaka umene unachedwa kugwira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene chambiko chinaletsedwa m'nyumba mwathu ku Golomoti. Bambo anali Mngoni wa ng'ombe zake, ndipo kwa iwo chakudya chopanda chambiko chinali chongodzazira mimba. Ankakama okha m'mawa, n'kuthira mkaka m'chipanda chakuda ndi utsi, chimene fungo lake ndimalimvabe mpaka lero.

Chaka chimenecho anayamba kudwala. Anaonda, chakudya chikuwakana. Mayi atapita kumsika wa Mtakataka anakumana ndi wogulitsa mankhwala a m'mabotolo, munthu wa tayi ndi pakamwa pothyathyalika. Anawauza kuti matenda onse amayamba ndi asidi m'magazi, ndipo asidiyo amalowa ndi zowawasa: bwemba, malambe, thobwa logona, makamaka chambiko. Chozimitsira chake, anati, n'chidulo.

Mayi anabwera atatsimikiza mtima. Chipanda anachipachika kudenga, n'kuyamba kuwatchezera bambo madzi a phulusa, omwe aja timaphikira therere. Bambo ankamwa atakwinya nkhope, osadandaula. Ine anandipatsa ntchito yokama ndi kuwiritsa mkaka wonse usanasase.

Tsiku lina masana, mayi ali kudimba, bambo anandiitana pamphasa pawo.

"Nangozo, tandisungirako pang'ono m'chipanda muja. Amayi ako sadziwa."

"Ababa, akuti chikuphani."

Anaseka pang'ono, chifuwa chikulira. "Agogo ako anakalamba nacho chimenecho." Sanapemphenso, ndipo ine ndinachoka ndikudziona ngati mwana wanzeru.

Atawagoneka kuchipatala ku Mua, mayi anafotokozera namwino zonse zimene tinawaletsa. Namwinoyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayankha motsitsa mawu. "Amayi, magazi sasasa ngati thobwa ayi, thupi limawasamala lokha. Matenda awo ndi ena. Phulusalo alisiye, muwapatse chimene mtima wawo ukufuna."

Mayi ananditumiza kunyumba tsiku lomwelo. Ndinatsitsa chipanda, ndinachotsamo akangaude, ndinakama n'kuthiramo. Koma mkaka suumirizidwa, umagwira pa nthawi yake. Ndinachiika padzuwa, ndinachisendeza pafupi ndi mafuwa, ndikungosuzumiramo ngati muli mwana wogona. Pamene unkagwira n'kuti uthenga wa ku Mua utafika kale.

Panopa ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikumvetsa kuti kuwawasa kwa pakamwa sikulowa m'magazi. Mayi sindiwaimba mlandu. Ankamenyera moyo wa mwamuna wawo ndi zimene anauzidwa, ndipo mantha samufunsa munthu ngati wamva zoona. Chimene chimandipweteka n'chakuti bambo, amene sankapempha kanthu kwa munthu, anapempha kamodzi, kwa ine, chinthu chochokera m'khola lawo lomwe.

Chambiko chija anadya ndi amalume amene anabwera kudzakumba manda. Anati chinagwira bwino kwambiri. Ine sindinachilawe.