Nyenyezi Yosokedwa pa Nsalu

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa alamu anga, ndipo lero sindingathenso kuwafunsa. Munthu amene sindinamuonepo akukweza mutu kuyang'ana kumwamba anapereka maso ake otsala kwa nyenyezi imene ngakhale wa maso akuthwa sangaione.

Anali amuna a achemwali anga. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, pa tebulo lomaliza, pamene nsalu imadutsa pansi pa getsi isanakulungidwe. Ntchito yawo inali kupeza zolakwika: ulusi woduka, mfundo, malo amene utoto sunagwire. Akapeza ankaimitsa makina n'kulembapo ndi choko. Anzawo ankawatcha a Kabawi, chifukwa cha maso awo akuthwa ngati a mbalameyo. Ine sindikonda kutamanda munthu, pakuti ku sukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti wogwira bwino ntchito wangochita zimene anayenera kuchita. Ndingonena kuti nsalu imene a Kabawi ailoleza sinkabwezedwa.

Fakitale itagula makamera ogwira ntchito yomweyo, anawapumitsa. Anakhala pakhomo miyezi ingapo akupeza zolakwika pa makatani, pa kolala yanga, ndiponso pa misoko ya achemwali, amene ndi telala ndipo amasokera m'chipinda chakutsogolo.

"Achimwene, ndichotsereni munthuyu," anandidandaulira achemwali tsiku lina. "Wayamba kuyeza ndi mabatani omwe."

"Lachitatulo lapendekeka, mayi," anatero alamu.

"Lapendekeka ndi khosi lanulo."

Ine ndine kalaliki pa sukulu ya sekondale. Ophunzira akaweruka masana, chipinda cha makompyuta chimakhala chopanda anthu, ndipo ndinayamba kupita nawo alamu kumeneko kuti achemwali apumeko. Mphunzitsi wa sayansi ndiye anawaonetsa ntchito yoyang'ana nyenyezi. Kuthambo, pamwamba pa mitambo, kuli telesikopu imene imayeza kuwala kwa nyenyezi zikwizikwi, n'kumatumiza zimene yayeza kuno pansi. Kuwala kwa nyenyezi iliyonse kumajambulidwa ngati mzere wautali wonjenjemera. Pulaneti ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake imatchinga kuwala pang'ono, ndipo mzere uja umatsika n'kukweranso, ngati kadzenje mumsewu. Mizereyo ndi yambiri kuposa akatswiri, choncho amapempha anthu wamba kuti awathandize kuiyang'ana pa intaneti.

Alamu anayang'ana mzere woyamba kwa mphindi ziwiri.

"Imeneyi ndi nsalu basi," anatero. "Ndikankhireni ina."

Anakhala pa mpando umenewo masana aliwonse, chaka ndi theka. Sankafunsa za milalang'amba kapena za kutalika kwa thambo. Mphunzitsi akayamba kufotokoza, iwo ankangoti, "Aphunzitsi, mukunditchingira getsi." Kenako tsiku lina anapeza madzenje awiri pa mzere wa nyenyezi ina yopanda dzina, ya nambala chabe. Anali ofanana kuya, otalikirana masiku makumi atatu ndi asanu ndi atatu, osaya kwambiri moti makompyuta a akatswiri anawalumpha. Mayi wina wofufuza anawalembera uthenga wachidule: mwina ndi pulaneti, koma madzenje awiri sakwanira. Pakufunika lachitatu, pa tsiku lake lenileni. Telesikopuyo inali itatembenukira kwina, ndipo idzayang'ananso mbali imeneyo pakatha zaka ziwiri.

Ndinawawerengera uthengawo. Sindinawayamikire. Ndinati, "Ati mwina." Iwo anati, "Ndamva," n'kutenga pensulo kuyamba kuwerengera masiku pa kalendala.

Zaka ziwirizo ndi zimene zinatenga maso awo. Tinazindikira mochedwa chifukwa ankabisa. Ankagunda mphuthu ya chitseko n'kunena kuti kalipentala anaikhoma mokhota. Anathira tiyi pambali pa kapu n'kukalipira tebulo. Ku chipatala cha maso anatiuza kuti mitsempha ikufa kuyambira m'mbali, ndipo mankhwala odonthezera angangochedwetsa, sangabweze. Chaka choyamba ankaona ngati munthu wosuzumira m'paipi. Chachiwiri, ndi m'paipimo momwe munalowa nkhungu.

Nzeru ya nsalu inali yawo. Anandiuza kuti ndisindikize mzere wa nyenyezi ija pa mapepala, ndiwamate kukhala chinthu chimodzi chachitali. Achemwali ankaika pepalalo pa nsalu yoyera ndi mapini, n'kusoka ndi ulusi wokhuthala potsata mzere, kenako n'kung'amba pepala. Alamu ankayala nsaluyo pa miyendo n'kuyendetsa chala pa msoko. Madzenje awiri akale aja anawapeza ulendo woyamba womwe.

"Mwaona? Kabawi ali ndi zikhadabonso," anatero. Ndi nthabwala yokhayo imene ndinawamva akunena za maso awo.

Zoyeza zatsopano zinafika Lachinayi. Ndinazisindikiza ndekha mu ofesi, ndipo ndisanamate n'komwe mapepala ndinaona vuto. Telesikopu ija nthawi zina imaleka kuyeza kuti itumize zimene yasonkhanitsa. Ulendo uno inaleka kwa tsiku limodzi ndi theka, ndipo tsiku limene alamu anazunguliza pa kalendala linagwera pakati penipeni. Pa malo amenewo panalibe dzenje, panalibenso mzere. Panali pepala loyera.

Ndinawaonetsa achemwali m'chipinda chosokera. Alamu anali pakhonde, akudikira.

"Ndiye kuti palibe?" ananong'ona achemwali.

"Sindikunena kuti palibe. Palibe amene anaona."

"Idzabweranso liti?"

"Mwina zaka zina ziwiri."

Achemwali anayang'ana pepalalo. Kenako anaponda makina. Singano inatsata mzere, kukwera, kutsika, kunjenjemera, mpaka pa malo oyera paja. Pamenepo achemwali sanaime. Anachepetsa phazi, n'kutsitsa msoko pang'ono, n'kuukwezanso, kukalumikiza pamene mzere unayambiranso. Ndinali chiimire pambali pawo. Ndikanatha kugwira gudumu la makinawo ndi dzanja limodzi. Sindinaligwire.

Alamu anapukuta zala pa thalauzi asanalandire nsaluyo. Anayendetsa chala pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga masiku. Chitafika pa dzenje lija chinaima. Chinabwerera, n'kudutsanso. Achemwali anagwira chikhatho pakamwa.

"Mayi," anatero alamu, "apa munachepetsa phazi."

"Ulusi unafuna kuduka, abambo."

"Ulusi wanu sunadukepo pa nsalu yofewa ngati iyi. Misoko yathithikana apa. Ndiponso nyenyezi imanjenjemera, mayi. Konseku ikunjenjemera. Apa pokha pasalala ngati mpendero wa diresi laukwati." Anatembenuzira nkhope kumene ndinali. "Alamu, inu mwana wa mishoni, simunama. Papepala panali chiyani?"

"Panalibe kanthu. Makina sanayeze tsiku limenelo."

"Ndipo munali pomwepo akusoka?"

"Ndinali pomwepo."

Anapempha choko cha achemwali cholembera nsalu. Anapapasa dzenjelo n'kulembapo mtanda, monga ankachitira ku fakitale. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Ndinangofuna kuti mukondweko," anatero achemwali akulira. "Zaka ziwiri mwadikira, inu!"

"Ndikudziwa. Koma tsopano maso anga ndinu awiri. Mukandiuza kuti malaya ndi oyera, ndimavala. Mukandiuza kuti msewu uli bwino, ndimaoloka. Mukandiuza kuti adokotala ati zikuyenda, ndimagona tulo. Lero ndagwira chifukwa inali nsalu. Zinazo ndidzazigwira ndi chiyani?"

Kenako anandiuza kuti ndimulembere mayi wofufuza uja kuti dzenje lachitatu silinaoneke chifukwa makina sanayeze, ndipo ndiwawerengere uthengawo ndisanautumize. Ndinawawerengera. Anandiuza ndibwereze, ndipo ndinazindikira kuti akumvetsera ngati mawu asinthe.

Sabata yotsatira anadya, anamwa mankhwala, anayankha ulemu aliyense wowalonjera. Koma anasiya kufunsa. Sankafunsanso nthawi, kapena mtundu wa malaya, kapena amene wadutsa pamsewu. Zovala ankazinunkhiza. Botolo la mankhwala anamangirira kaulusi kuti azilidziwa okha. Achemwali anayamba kulakwitsa dala, kusokera batani pambali n'kuwapatsa malayawo m'manja, kuti mwina awanyoze ngati kale. Iwo ankapapasa batanilo n'kubweza malaya osanena kanthu.

Lolemba linali tsiku lawo la ku chipatala. Ndinapita m'mawa kukawaperekeza monga mwa nthawi zonse, koma anakana.

"Njira ndimaidziwa, alamu. Masitepe makumi asanu ndi limodzi kufika pa siteji ya minibasi. Pitani kuntchito."

Ndinawalola, poganiza kuti ndikuwapatsa ulemu. Ndinawaona akuyenda m'mbali mwa mpanda, ndodo ikugogoda patsogolo, nsalu ija ataipinda m'khwapa. Masana achemwali anapeza pa makina awo kaulusi kokhuthala, kotalika ngati chala. Alamu anali atasomola dzenje labodza lija ndi lezala, msoko umodziumodzi, osaboola nsalu.

Ku chipatala sanafike, ndipo kunyumba sanabwerere. Wogulitsa nyuzi pa siteji anatiuza kuti anawaona atalekerera minibasi ya ku chipatala kudutsa. Itaima ina, kondakitala anawafunsa kumene akupita, koma galimoto inalira, ndipo yankho lawo palibe analimva. Anakwera okha, osalola kugwiridwa dzanja.