Makina Amene Anamuiwala Luzia

Mpaka pano ndikuumvabe mtsonyo wa Luzia. Unali wautali, wodutsira m'mano, moti mwini papelariya, kasitolo ka zolembera, anasiya kujambula mapepala n'kutembenuka kuti aone amene walakwiridwa.

Luzia, mwana wa mlongo wanga, ankatsonya kompyuta.

Linali Lachisanu lapitali, tsiku lomaliza kulembetsa mayeso olowera kusukulu ya uphunzitsi. Masiku ano kulembetsako n'kwa pa intaneti. Akanaphonya tsiku limenelo, akanatha chaka china akuthira kachewere m'matumba pamsika wa Domwe. Ine ndinangomuperekeza, poti mayi ake anali kudimba.

Papapelariyapo amabwereketsa kompyuta, koma intaneti umabwera nayo wekha pafoni yako. Luzia analumikiza foni, nalowetsa dzina ndi senya, mawu achinsinsi aja. Tsamba linamulonjera pomutchula dzina. Analemba za makolo, za sukulu, nadina kuti apitirire. Tsambalo linamufunsanso dzina ndi senya ngati sanakumanepo, ndipo zonse analemba zija zinali zitafufutika. Anayambiranso. Ulendo wina linamulola kufika pafupi ndi mapeto, kenaka n'kumubwezanso pakhomo.

Kodi chinthu chimene changokutchula dzina chingakuiwale bwanji usanadzuke n'komwe pampando?

Ine si munthu wa mawu ambiri, koma safunsa anadya phula. Pamzere wojambulitsa mapepala panali a Zakeyu, amene tinaphunzira limodzi ku Ulongwe, ndipo pano amaphunzitsa za makompyuta. Ndinawakoka malaya. Anayamba ndi kundiseka, ati bubu wa m'kalasi mwathu uja watsegula pakamwa, lero kugwa matalala. Kenaka anawerama n'kumuyang'ana Luzia akuyesanso.

Anati ife timayesa kuti kuseri kwa tsamba kuli makina amodzi. Tsiku limene anthu akhamukira chonchi amakhala angapo, amawatcha maservidoro, ndipo kutsogolo kwawo kumakhala ena ongogawa anthu, uyu apite uku, uyu apite uko. Ukalowetsa senya, makina amene akulandira amakutsegulira kathumba kako, momwe amasungamo kuti ndiwe yani ndipo wafika pati. Vuto n'lakuti nthawi zina kathumbako kamakhala m'makina amenewo okha. Wogawa uja akakutumiza kwa ena, umafikako uli mlendo.

Ndinafunsa chifukwa chake wogawayo samangokubwezera kumene unayambira. Anati ambiri amayesa kutero, ndipo ena amakuzindikira ndi adiresi ya rede, netiweki imene foni yako yakwera. Atanena zimenezo anatenga foni ya Luzia.

"Iwe, muli makadi angati umu?"

"Awiri, a purufesoro."

"La kuno ndi la ku Malawi?"

Luzia anavomera ndi mutu.

Ndani pa Domwe alibe makadi awiri? Kuno rede timaisaka ngati mthunzi. Ukaima pansi pa mtengo uwu ikugwira ya kwathu, ukasuntha pang'ono yalowa ya tsidya lija. Foni ya Luzia inkasankha yokha imene ili ndi mphamvu, ndipo ikadumpha, adiresi inkasintha. A Zakeyu anati m'kati mwa makinawo sanalowemo, akungoganiza, koma zikuoneka kuti mtsikana mmodzi yemweyo ankafika pakhomo ulendo uno ngati wa ku Angonia, ulendo winawo ngati wa ku Dedza, ndipo wogawa ankamutumiza kwina ndi kwina.

Anatulutsa khadi limodzi ndi phini wa m'tsitsi la Luzia. Rede yotsalayo inali yofooka. Tsamba lililonse linkatseguka mozengereza, Luzia atagwira pakamwa.

Tikudikira choncho, ndinapeza kuti nkhani imeneyi ndinaidziwa kale ndi thupi langa.

Makolo anga atamwalira, abale anagwirizana zondilera mosinthana, kuti mtolo usalemere banja limodzi. Mwezi uno kwa azakhali, mwezi winawo kwa amalume, kenaka kwa abambo aang'ono. Onse anali anthu abwino. Koma ine nsawa zimanditupitsa nkhope, ndipo khomo lililonse linazindikira zimenezi palokha, nditatupa kale. Azakhali ankadziwa, koma chidziwitsocho chinkatsala m'nyumba mwawo ine ndikamanyamuka ndi kathumba ka zovala. Kufotokoza sindinkatha. Ndinkangoyang'ana ndiwo zotendera, n'kudya.

Agogo anga akazi ndiwo anathetsa zimenezo. Anabwera tsiku lina n'kunditenga, osachita msonkhano ndi wina aliyense. Kuyambira pamenepo zonse za ine zinali pamalo amodzi.

Ndinawafunsa a Zakeyu ngati makina nawonso angathe kukhala ndi agogo. Anaseka, nati njira imodzi ndi yomweyo, kumumata munthu ku servidoro imodzi mpaka amalize. Koma imeneyo ikazima, zonse zimapita nayo.

Izinso ndinazidziwa. Agogo atamwalira, anapita ndi zinthu zimene palibe wina anazisunga. Mpaka lero sindidziwa kuti chipsera cha pabondo langali chinabwera bwanji, kapena kuti mayi anga ankandiitana dzina lanji lapakhomo.

A Zakeyu anati njira yabwinopo ndi kuika matumba onse m'nkhokwe imodzi imene makina onse amatapamo, ndipo nkhokweyo ikhale ndi inzake yofanana nayo, yosungira tsoka. Ena amamupatsa munthuyo chizindikiro chodindidwa kuti aziyenda nacho, makina alionse akachiona amukhulupirire. Anawonjeza kuti kuiwala kwina n'kwadala. Ukachoka pakompyuta ya papelariya, si bwino wobwera pambuyo pako apeze tsamba likumutchula dzina lako.

Zimenezi zandisowetsa mtendere sabata yonse. Ndi kangati mwafotokoza matenda anu kwa munthu woyamba kuchipatala, n'kukayambiranso kwa wachiwiri, wachitatu n'kukufunsani kuti mwadzatani? Timati anthuwo ndi amwano. Mwina ena ndi amwanodi. Koma mwina aliyense wa iwo ali ndi kathumba kakekake, ndipo palibe anawamangira nkhokwe. Nanga ana amene tikuwalera mosinthana lero lino m'midzi mwathumu, amene amadana ndi chakudya china, amene amaopa mdima, amene anasiyira mankhwala pakati, za iwo zimasungidwa kuti? Zimayenda nawo, kapena zimatsala pakhomo pamene achoka?

Luzia anafika tsamba lomaliza dzuwa litapendeka. Anadina. Tsamba linayera, linakhalitsa lili loyera, kenaka linatulutsa dzina lake ndi nambala ya mayeso.

A Zakeyu anabwerera pamzere wawo, akudandaula kuti malo awo alandidwa chifukwa cha bubu. Luzia anapempha mwini papelariya kuti asindikize chikalatacho kawiri. Panja woitanira chapa, minibasi ya kwathu kuno, ankakuwa kuti watsala munthu mmodzi.

Luzia anapinda pepala limodzi n'kulilowetsa m'bulawuzi. Linalo anandiikira m'manja.

"Ili musunge inu, amalume. Kwathu kuli mbewa."

Anathamangira chapa ija.