Mzere wa aPaipi

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anthu amawatchula aPaipi. Musaseke, dzinali analikhetsera thukuta. Atha zaka makumi atatu akumata matailosi m'mabafa ndi m'makhitchini a anthu, ndipo kulikonse amayenda ndi paipi yapulasitiki yooneka mkati, yowonda ngati chala, atayikoleka paphewa. Amathiramo madzi, wina n'kugwira nsonga iyi, iwo nsonga inayo, ndipo pomwe madzi aima amalembapo ndi pensulo. Levulo yawo yowongolera mzere ndi imeneyo. Ine ndimawakandira simenti, ndimawakankhira wilibala, ndimawalankhuliranso, poti iwo pakamwa anaiwala m'mimba mwa amayi awo.

Chaka chatha anayamba kuvala magalasi, mbiri n'kuwanda kuti maso awo atha. Ntchito zinayamba kutilambalala. Ndiye kapitawo wina atatiitana kuti tikamalize damu losambiramo kuseri kwa nyumba ya amayi ena ake, achemwali anandikoka khutu pakhomo.

"Iwe, ukasoke pakamwa pakopo. Iyi ikawakanika, palibenso adzawaitane."

Konkire anali atathira kale anthu ena. Yathu inali mzere wa matailosi abuluu pomwe madzi adzalekezere, ndi miyala yafulati ya mlomo wobulungira pamwamba pa khoma, pogwira osambira. Tinazungulira damu lonse ndi paipi, kulemba, kukoka chingwe, aPaipi n'kuyamba kumata. Akamata salankhula. Tailosi iliyonse amaigogoda ndi chigwiriro cha mpeni womangira, khutu lili tcheru ngati akufunsa odi.

Tsiku lachitatu kapitawo anabwera ndi tepi, amayi eni nyumba ali pambuyo pake. Anayeza kuchokera pamwamba pa khoma. Kumasitepe, zala zinayi. Kungodya ya kumtengo wa mapeyala, zala ziwiri.

"Madala, mzere wanuwu ukukwera phiri," anatero. "Magalasiwo ndi okongoletsa? Gumulani."

Za achemwali zija ndinaziiwala pomwepo.

"Akulu, chokhota ndi khoma lanuli. Munkathira konkire mutatsinzina? Munthu uyu anayamba kumata matailosi inu mukuyenda opanda kabudula."

"Alamu," anatero aPaipi osatembenuka, "simenti ikuuma."

Kenako anavula chipewa n'kuyang'ana amayi aja. "Mayi, ine sindikangana ndi tepi. Tepi imamvera khoma, koma madzi samvera munthu. Mudzathire madzi. Akadzakana mzere wangawu, ndidzagumula ndekha, paipiyi n'kukusiyirani muzithirira maluwa."

Amayi aja anayang'ana kapitawo, anayang'ana ine ndili wefuwefu ndi fosholo m'manja, n'kuti, "Asiyeni amalize."

Sabata yotsatira tinakhazika miyala. Kungodya ya kumapeyala aPaipi anaunjika simenti yochindikala kuti akweze pomwe khoma linatsika. Mwala uliwonse ukakhala, ankapinda malaya n'kukhuza m'mphepete mwake ndi mkati mwa mkono wawo, momwe muli khungu lofewa. Ndinawafunsa ngati ayamba kuyabwa.

"Chikhatho changa chinafa kalekale, sichimva kanthu. Koma apa adzatsetserekapo mwana ndi mimba yake."

Opaka mkati atamaliza zawo, simenti itauma, anatsegula mpope. Madzi a paipi yothirira maluwa ndi aulesi, anatenga masiku awiri. Tsiku lachiwirilo tonse tinalipo masana dzuwa likuswa mtengo: amayi aja, kapitawo ndi tepi yake, ine, ndi aPaipi atakhala pa chitini cha penti akupukuta magalasi omwe anali oyera kale.

Madzi anafika kunsi kwa matailosi. Amayi aja anavula nsapato n'kuyenda pamiyala kuzungulira damu, akuwerama. Kumasitepe madzi anali atangopsompsona buluu. Kumapeyala chimodzimodzi. Ngodya zonse zinayi, ngati wajambula ndi lula.

Kapitawo anatsokomola, tepi n'kulowa m'thumba. "Madala, Lolemba muli ndi zochita? Kuli lina kumtunda uku."

Ine ndinali nditakonza kale mawu, ena mwa iwo osalembeka. Koma aPaipi anandiponda phazi.

Anthu atabalalika, aPaipi anapinda thalauza, n'kukhala pamwala wa kumapeyala, mapazi m'madzi. Kusambira sadziwa, ngakhale m'beseni amalowa mosamala.

"Mtima unali m'mwamba, alamu," anatero.

"Inu? Si munkati madzi samvera munthu?"

"Madziwo ayi. Koma paipi ili ndi nsonga ziwiri. Ine ndinaima kumasitepe. Kuno kumapeyala anagwira ndani, analemba ndani?"

Ndinayang'ana mzere uja. Pensulo ya kungodya imeneyo inali yanga, ndipo ndimakumbuka kuti polemba ndinali ndikukalipira woyendetsa lole ya mchenga.

"Ndiye munaika paipi yanu pachiswe chifukwa cha dzanja langa?"

"Pakamwa panu m'pokhota, koma dzanja ndimalidziwa. Tengani wilibala, achemwali anu akudikira nkhani."

Njira yonse sindinalankhule. Titafika, achemwali anandigwira pachipumi n'kufunsa ngati ndadwala.